Kujambula mtembo m'malo moung'amba: kodi makina angatiuze chomwe chapha m'bale wathu?

Uthenga wa maliro ukangogwa pa gulu la WhatsApp, funso loyamba limakhala lomwelomwelo: "Chavuta n'chiyani? Amadwala?" Mayankho ake timawadziwa kale. "Shuga inakwera." "Ndi BP." "Anangoti mutu, basi." Pamwambo wa maliro pamabwera lija lotchuka, loti malemu atisiya atadwala kwa nthawi yochepa. Timavomereza, n'kuyamba kusonkha chipepeso. Funso limene nthawi zambiri sitifunsa ndi lakuti amene wanena kuti ndi shugayo wadziwa bwanji.

Ambiri timaganiza kuti munthu akamwalirira m'chipatala, makamaka m'chipinda cha odwala mwakayakaya chomwe timangochitchula kuti ICU, ndiye kuti madokotala akudziwa chilichonse chomwe chinkachitika m'thupi mwake. Paja amakhala atamulumikiza ku makina, magazi akuyezedwa pafupipafupi, namwino ali pambali usana ndi usiku. Koma ziwerengero zikunena zina. Mu 2012, akatswiri a ku Johns Hopkins ku America, motsogozedwa ndi Bradford Winters, anasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku 31 wokhudza mitembo 5,863 ya anthu omwalirira ku ICU. Anapeza kuti mwa anthu 100 aliwonse, 28 anali ndi nthenda imodzi kapena kuposerapo yomwe madokotala sanaidziwe munthuyo ali moyo. Mwa anthu 100 omwewo, 8 anali ndi vuto lalikulu lomwe mwina ndi limene linawapha kapena kuthandizira imfa yawo, ndipo likanadziwika msanga chithandizo chikanasintha.

Izi zinadziwika chifukwa mitemboyo inatsegulidwa n'kupimidwa. Vuto ndi lakuti ntchito imeneyi ikutha padziko lonse, ndipo n'chifukwa chake madokotala ena akufunsa ngati makina ojambula m'thupi, monga CT ndi MRI, angalowe m'malo mwa mpeni.

Mpeni umene anthu akuuthawa

Tiyambe ndi kusiyanitsa zinthu ziwiri zomwe timakonda kuziphatikiza. Pali kupima mtembo kolamulidwa ndi boma, pamene apolisi kapena khoti akukayikira kuti munthu wachita kuphedwa. Uku ndi kumene Amalawi ambiri timakudziwa. Wophunzira wa pa Polytechnic, Robert Chasowa, atapezeka atafa mu Sepitembala 2011, apolisi anati anadzipha. Katswiri wopima mitembo, Dr Charles Dzamalala, anapeza kuti anamenyedwa, ndipo komiti yofufuza za imfayo inanena mu 2012 kuti anachita kuphedwa. Pa nkhani zotere, chilolezo cha banja si chimene chimalamula.

Koma palinso kupima mtembo kwa m'chipatala, komwe sikukhudza mlandu uliwonse. Munthu wadwala, wamwalira, ndipo madokotala akupempha achibale kuti awalole kuona ngati zomwe ankaganiza zinali zoona. Cholinga chake ndi kuphunzira. Kwa zaka mazana, umu ndi mmene azachipatala akhala akudziwira zolakwitsa zawo komanso kutulukira matenda atsopano. Uku ndi kumene kukutha.

Ku America, bungwe loona za miyezo ya zipatala la Joint Commission linachotsa mu 1971 lamulo lomwe linkakakamiza chipatala chilichonse kupima gawo lina la mitembo ya odwala ake, ndipo kuyambira pamenepo chiwerengero chakhala chikutsika. Ku Britain, pofika 2013, mitembo yopimidwa mwa njira imeneyi sinkafika ndi umodzi womwe mwa anthu 100 omwalirira m'chipatala. Kumeneko nkhani inaipa kwambiri chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, pamene zinaululika kuti chipatala cha ana cha Alder Hey mumzinda wa Liverpool chinkasunga mitima ndi ziwalo zina za ana omwalira makolo awo osadziwa. Lipoti la boma linatuluka mu 2001, lamulo latsopano lokhudza ziwalo za anthu linabwera mu 2004, koma chikhulupiriro chinali chitapita kale.

Zifukwa zina n'zodziwikiratu. Banja lomwe laona m'bale wawo akuzunzika ndi mapaipi kwa milungu iwiri silifuna kumva zoti thupi lake lichekedwenso. Asilamu ndi Ayuda amafuna kuika maliro msanga, thupi lili lathunthu. Madokotala ena amadzidalira kuti makina amasiku ano awauza kale zonse, pomwe ena amaopa kuti zotsatira zingawatengere kukhoti. Ndipo tinene zoona, kupempha mayi yemwe wangotaya mwana kuti asayine pepala lololeza kung'amba mtembo ndi ntchito imene palibe dokotala amaikonda.

Zomwe anachita ku Hamburg

Maganizo ojambula mtembo m'malo moutsegula anakula kwambiri ku Switzerland, pa yunivesite ya Bern, kuyambira cha m'ma 2000. Akatswiri Richard Dirnhofer ndi Michael Thali anayambitsa ntchito yomwe anaitcha Virtopsy, makamaka pofuna kuthandiza pa milandu: kuona njira yomwe chipolopolo chadutsa, mafupa omwe athyoka, ndi zina zotero. Kachitidwe kake n'kosavuta kukamvetsa. Mtembo umagonekedwa pa kabedi ka makina a CT, nthawi zambiri usanachotsedwe n'komwe m'thumba lake. M'mphindi zochepa makinawo amatulutsa zithunzi mazanamazana zoonetsa thupi ngati lodulidwa mapisimapisi, kuyambira kumutu mpaka kuphazi, ndipo kompyuta imatha kuziphatikiza kuti dokotala aone mkati mwa thupi kumbali iliyonse. Palibe chochekedwa, palibe chosokedwa.

Funso linali lakuti kodi njira yomwe ikuthandiza pa anthu ophedwa ndi mfuti ingathandizenso pa anthu ofa ndi matenda. Dokotala Dominic Wichmann ndi anzake pa chipatala cha yunivesite cha Hamburg-Eppendorf ku Germany anaganiza zoyesa. Kuyambira Januwale mpaka Juni 2010, anatsatira imfa zonse za m'zipinda 9 za ICU pachipatalacho. Anthu omwe anamwalira anali 285. Zotsatira zake zinasindikizidwa mu 2012 m'magazini ya zachipatala ya Annals of Internal Medicine.

Chinthu choyamba chomwe chinaoneka sichinali cha matenda ayi, koma cha anthu. Mwa mitembo 285 ija, 162 inajambulidwa ndi CT, pomwe 47 yokha ndi yomwe inatsegulidwanso ndi mpeni. Kunena kwina, njira ya makina inafikira anthu pafupifupi 57 mwa 100 aliwonse, pamene njira yakale inafikira 16 okha. Kusiyana kumeneku ndi kumene kumapatsa mphamvu onse olimbikitsa njira yatsopanoyi: ngakhale chida chikhale chakuthwa bwanji, ngati anthu akuchikana, palibe chomwe chingatiphunzitse.

Mitembo 47 yomwe inapimidwa mwa njira zonse ziwiri ndi yomwe inapereka mpata wofananiza. Anthu amenewa ali moyo, madokotala anali atalemba matenda ndi mavuto okwana 196. Mpeni unatsimikiza 183 mwa amenewa, pomwe makina anatsimikiza 173. Ndiye kuti 93 pa 100 kwa mpeni, 88 pa 100 kwa makina. Njira ziwirizi pamodzi zinavumbulanso mavuto aakulu 14 omwe palibe amene ankawadziwa. Pa mitembo 115 yomwe inangojambulidwa kokha, panatulukanso mavuto aakulu 11 atsopano. Awa ndi mayankho omwe akanakwiriridwa limodzi ndi eni ake.

Ukangoona 88 ndi 93, ukhoza kunena kuti nkhani yatha, mpeni upume. Koma muyenera kuona komwe kusiyanako kunagwera.

Zomwe makina amaona ndi zomwe amaphonya

Makina a CT amasiyanitsa zinthu potengera kulimba kwake. Fupa limaoneka loyera, mpweya umaoneka wakuda, chitsulo chimawala. N'chifukwa chake ku Hamburg makina anaposa mpeni pa zinthu zina. Anaona mafupa othyoka 13 omwe wopima ndi mpeni sanawaone. Anaonanso anthu awiri omwe mpweya unali utathawa m'mapapo n'kudzaza m'chifuwa, vuto lomwe limafinya phapo mpaka munthu kulephera kupuma. Wopima ndi mpeni akangotsegula chifuwa, mpweya wotere umatuluka n'kusakanikirana ndi wa m'chipindamo, umboni n'kutha pomwepo.

Kwa odwala a ku ICU pali ubwino wina wapadera. Thupi lawo limakhala ndi mapaipi ambiri: lopumira, lodyetsera, ena olowa m'mitsempha ikuluikulu ya magazi. Mtembo ukajambulidwa mapaipiwo asanachotsedwe, chithunzi chimaonetsa ngati lililonse linali pamalo pake. Kwa chipatala chofuna kudziwa pomwe chikulakwitsa, umenewu ndi umboni wamtengo wapatali. Komanso zithunzi siziwola. Zikhoza kusungidwa, kutumizidwa pa intaneti kwa katswiri wa dziko lina, kapena kuonedwanso patapita zaka khumi. Mtembo ukaikidwa m'manda, mwayi wotere sukhalaponso.

Koma pomwe makinawo anafooka ndi pomwe pali matenda opha anthu ambiri. Anaphonya mavuto 9 mwa 72 a mtima ndi mitsempha ya magazi, ndiponso 12 mwa 30 a khansa. Chifukwa chake chili m'mmene thupi limakhalira likafa. Munthu wamoyo akamajambulidwa, madokotala amamubaya mankhwala apadera omwe amayenda ndi magazi n'kuwalitsa mitsempha pachithunzi, ndipo pomwe patsekeka pamaonekera. Munthu wakufa mtima wake supopa, choncho mankhwalawo sayenda. Kuonjezera apo, magazi amatsikira kumunsi kwa thupi n'kuyamba kuundana okha. Ndiye katswiri akaona magazi oundana mumtsempha wa m'mapapo, zimamuvuta kunena ngati ndi amene anapha munthuyo kapena aundana iye atafa kale. Maola akamapita, thupi limayambanso kutulutsa mpweya wa kuwola, womwe umasokoneza chithunzi.

Kafukufuku wina wa ku Oxford ndi Manchester, yemwe anasindikizidwa mu The Lancet m'chaka chomwecho cha 2012, anapeza zofanana. Pa mitembo 182 ya akuluakulu, chomwe CT inanena kuti chinapha munthu chinasiyana kwambiri ndi chomwe mpeni unapeza pa anthu 32 mwa 100 aliwonse. MRI inachita moipirapo, 43 mwa 100. Zophonyedwa kwambiri zinali matenda a mtima, magazi oundana m'mapapo ndi chibayo.

Akatswiri sanagwe ulesi. Ku Lausanne, Silke Grabherr ndi anzake anakonza njira yopopera mankhwala amafuta m'mitsempha ya mtembo kudzera pa kabala kakang'ono ka mphechepeche mwa ntchafu, makina n'kumagwira ntchito ya mtima kwa kanthawi. Gulu la ku Hamburg litayesa njira imeneyi pa anthu 50 omwe anamwalira mosayembekezereka m'chipatala, zotsatira zomwe linatulutsa mu 2014 zinaonetsa kuti makina tsopano ankaona mitsempha ya mtima yotsekeka yomwe kale inkawadutsa. Ku Leicester, kafukufuku wa mu 2017 anapeza kuti CT yophatikiza ndi mankhwala a m'mitsempha inatha kupereka chomwe chinapha munthu pa imfa 92 mwa 100. Lero m'madera ena a ku England, mtembo umayamba wajambulidwa, ndipo mpeni umabwera pokhapokha chithunzi chikalephera kuyankha. Mu 2015 khoti lalikulu ku London, pa mlandu womwe linabweretsa banja lina lachiyuda, linagamula kuti ngati achibale akukana mpeni pa zifukwa za chipembedzo, ndipo pali mwayi weniweni woti njira yosacheka ipereke yankho, njirayo iganiziridwe kaye.

Komabe pali malire omwe chithunzi sichingawadumphe. Chithunzi chikhoza kuonetsa kuti phapo ladzaza ndi zinthu, koma sichingatchule dzina la kachilombo komwe kachititsa. Chikhoza kuonetsa chotupa m'chiwindi, koma sichinganene motsimikiza ngati ndi khansa, TB kapena chithupsa cha mafinya. Mayankho amenewo amafuna kachidutswa ka mnofu, maikulosikopu ndi labu.

Phunziro la Covid-19

Chochititsa chidwi n'chakuti anthu omwewo omwe anatchukitsa kujambula mitembo ya ku ICU ndi amenenso anakumbutsa dziko kufunika kwa mpeni. Covid-19 itafika ku Germany mu 2020, panali mantha oti kutsegula mitembo kungafalitse kachilomboko, ndipo malangizo oyamba anali oti zipewedwe. Ku Hamburg, katswiri wopima mitembo Klaus Püschel anakana kutsatira maganizo amenewo. Iye, Wichmann ndi anzawo anapima anthu 12 oyambirira mwa njira zonse, CT ndi mpeni womwe. Anapeza kuti 7 mwa iwo anali ndi magazi oundana m'mitsempha yakuya, omwe palibe dokotala anawaganizira anthuwo ali moyo, ndipo 4 anafa chifukwa magazi oundanawo anakatseka mitsempha ya m'mapapo.

Panthawiyo ambiri ankaona Covid ngati chibayo chabe. Zotsatira za ku Hamburg zinali m'gulu la umboni womwe unachititsa madokotala padziko lonse kuyamba kusamala kwambiri za kuundana kwa magazi mwa odwala Covid, n'kumawapatsa mankhwala oteteza ku vutoli. Mitembo 12 inathandiza anthu amoyo osawerengeka. Ndipo taonani, vuto lomwe anapezalo ndi lija lomwe CT wamba imavutika kuliona.

Nanga kwathu kuno?

Wina akhoza kunena kuti izi ndi za azungu, ife tili ndi mavuto athu. Koma imodzi mwa nkhani zodziwika kwambiri padziko lonse zoonetsa kufunika kopima mitembo inachitikira ku Blantyre konkuno, pa chipatala cha Queen Elizabeth Central.

Kuyambira mu 1996, Terrie Taylor, Malcolm Molyneux ndi anzawo, kuphatikizapo madokotala ndi anamwino a ku Malawi, anakhala akupempha makolo kuti awalole kupima ana omwe amwalira atakomoka. Mu 2004 anasindikiza mu Nature Medicine zomwe anapeza pa ana 31 omwe, potengera zizindikiro zonse, anawalemba kuti afa ndi malungo a muubongo. Mwa anawo, 7 anali atafa ndi matenda ena. Tizilombo ta malungo tinali m'magazi mwawo ndithu, koma si timene tinawapha. Pafupifupi mwana mmodzi mwa anayi aliwonse. Kafukufuku yemweyo anatsimikiza kuti kuunika mkati mwa diso la mwana wokomoka kumathandiza kusiyanitsa malungo enieni a muubongo ndi matenda ena, nzeru yomwe lero imathandiza ana amoyo.

Nkhaniyi ili ndi gawo lachiwiri. Mu 2008 pa Queens panafika makina a MRI, ndipo gulu lomwelo linayamba kujambula ana odwala malungo a muubongo akadali moyo. Zotsatira zomwe Karl Seydel ndi anzake anatulutsa mu 2015 zinakhudza ana 168. Mwa 25 omwe anamwalira, 21 anali ndi ubongo wotupa kwambiri pomwe ankajambulidwa. Ubongo ukatupa umapanikiza gawo lomwe limalamulira kupuma, mwana n'kusiya kupuma. Funso lomwe linazunguza akatswiri kwa zaka zambiri, loti kwenikweni chimapha anawa n'chiyani, linapeza yankho pa chithunzi. Mpeni unaona zomwe makina sakanaona, makina n'kuona zomwe mpeni unalephera kuonetsa bwino. Ndi phunziro la ku Hamburg lomwe lija, koma lochokera ku Ginnery Corner.

Kwa anansi athu ku Zambia kulinso umboni wofunika. Kafukufuku wa pa University Teaching Hospital ku Lusaka, yemwe anatuluka mu 2015, anapima mitembo 125 ya akuluakulu omwalirira m'mawodi. Anthu 78 anapezeka ndi TB, ndipo mwa amenewa, pafupifupi mmodzi mwa anayi aliwonse nthendayi sinadziwike ali moyo. TB ndi yochizika, mankhwala ake ndi aulere. Komanso ndi yopatsirana, kutanthauza kuti banja lomwe lauzidwa kuti bambo afa ndi "chifuwa wamba" silidzaganiza zokayezetsa ana omwe ankagona nawo nyumba imodzi.

Apa ndi pomwe tiyenera kusamala tisanathamangire kunena kuti boma ligule makina ojambulira mitembo. Matenda omwe amapha anthu ambiri m'zipatala zathu ndi oyambitsidwa ndi tizilombo: TB, chibayo, malungo, matenda oumitsa khosi, ndi ena omwe amapezerapo mwayi pa HIV. Awa ndi omwe chithunzi pachokha sichingawatchule dzina. Chachiwiri, makina a CT m'zipatala za boma ndi ochepa, amapezeka m'zipatala zikuluzikulu, ndipo akawonongeka odwala amadikira kapena kukalipira ku zipatala zapulayiveti. Ndani angavomereze kuti mtembo ulowe m'makina pomwe wovulala pangozi ya kabaza ali pamzere? Chachitatu, chithunzi chimafuna wochiwerenga, ndipo kuwerenga chithunzi cha mtembo ndi luso losiyana ndi kuwerenga cha munthu wamoyo. Akatswiri owerenga zithunzi, ngati mmene alili opima mitembo, ndi owerengeka m'dziko muno.

Njira ya singano

Pali njira yachitatu yomwe sitchuka kwenikweni koma ikuoneka yogwirizana ndi thumba lathu. M'malo motsegula thupi, dokotala amabaya masingano apadera n'kutenga tizidutswa ting'onoting'ono ta mapapo, chiwindi ndi ubongo, pamodzi ndi magazi komanso madzi a mumsana. Pathupi pamangotsala timabala tating'ono, ndipo ntchito yotenga tizidutswato sitenga nthawi yaitali, kotero maliro sachedwa kwenikweni. Tizidutswato timapita ku labu, komwe amatha kutchula kachilombo ndi dzina lake. Pachingerezi njirayi amaifupikitsa kuti MITS.

Inayesedwa pa chipatala chachikulu cha Maputo ku Mozambique, komwe mitembo 112 ya akuluakulu inapimidwa ndi singano kenako n'kutsegulidwa kuti afananize. Zotsatira za mu 2016 zinaonetsa kuti njira ziwirizi zinagwirizana pa anthu pafupifupi atatu mwa anayi aliwonse, ndipo singano inachita bwino pa matenda a tizilombo ndi khansa kusiyana ndi matenda ena monga a mtima. Kuyambira 2015, ntchito yotchedwa CHAMPS, yomwe imathandizidwa ndi Gates Foundation, yakhala ikugwiritsa ntchito njirayi pofufuza imfa za ana m'madera monga Manhiça ku Mozambique, Soweto ku South Africa ndi Kisumu ku Kenya. Pa Queens napo akatswiri aiyesapo pa imfa za ana.

Mukaika zinthu zitatuzi pamodzi, chithunzi chake chimaoneka bwino. Makina amaona mafupa, mpweya, magazi otayikira mkati ndi mapaipi osokera. Singano imatchula tizilombo ndi khansa. Mpeni umaona pafupifupi zonse, koma ndi umene anthu amaukana kwambiri. Palibe chimodzi chomwe chikuthetsa chinzake.

Vuto lenileni ndi kufunsa

Chiwerengero chofunika kwambiri pa kafukufuku wa ku Hamburg, mmene ndikuonera, si 88 kapena 93 ayi. Ndi 162 poyerekeza ndi 47. Chikuonetsa kuti mabanja ambiri omwe timawatenga ngati osafuna kudziwa, kwenikweni amafuna kudziwa, kungoti njira yomwe apatsidwa ndi yomwe akuikana.

Kuno timakonda kuthamangira kunena kuti chikhalidwe chathu sichilola. Koma ku Lusaka, kafukufuku yemwe anatuluka mu 2001 anafunsa makolo omwe anapemphedwa kuti ana awo omwalira apimidwe. Atatu mwa anayi aliwonse anakana. Chifukwa chomwe chinatchulidwa kwambiri sichinali mizimu ya makolo. Ambiri anati n'kutaya nthawi chifukwa iwo sapindulapo kanthu, ena anati chitupa cha imfa chatuluka kale ndipo galimoto yonyamula maliro yakonzedwa kale. Zikhulupiriro zinabwera pambuyo pa zifukwa ziwirizi. Aliyense amene anayendetsapo maliro akudziwa zomwe makolowa ankanena: tsiku lililonse lomwe thupi lagona ku mochale ndi ndalama, ndi ufa ndi nkhuni zodyetsera anthu pasiwa, ndi achibale omwe apempha masiku awiri okha kuntchito. Izi ndi zinthu zomwe chipatala chingathe kuzikonza: kufulumira, kufotokoza m'chilankhulo chomveka, kuuza akuluakulu a banja omwe ndi amene amagamula, ndipo koposa zonse, kubwerera kwa anamfedwa ndi zotsatira m'malo mozitsekera m'faelo.

Mtengo wa kusadziwa ndi waukulu kuposa mmene timaganizira. Chipatala chomwe sichiona zolakwitsa zake chimazibwereza. Unduna womwe ukudalira zitupa za imfa zolembedwa mongoganizira umagula mankhwala a matenda olakwika. Banja lomwe silinauzidwe kuti bambo afa ndi nthenda ya mtima yoyenda m'magazi a kumtundu silichenjeza ana. Ndipo pomwe palibe yankho, mphekesera imapereka lake. Tonse tamvapo za agogo omwe amenyedwa, kuwotcheredwa nyumba kapena kuphedwa kumene chifukwa mdzukulu wamwalira mwadzidzidzi ndipo wina waloza chala. Pepala la dokotala silingathetse zikhulupiriro zonse, koma limachepetsa malo omwe bodza lingamerepo.

Choncho yankho la funso loti makina angalowe m'malo mwa mpeni ndi lakuti pa imfa zina angathe, pa zina sangathe, ndipo kwa odwala a ku ICU, omwe nthawi zambiri amafa ndi mavuto a mtima, magazi oundana ndi tizilombo tolowa m'magazi, chithunzi chokha sichikwanira. Chomwe makina achita ndi kutsegula khomo lomwe linali litatsekeka. Kwa ife, khomo limenelo mwina lidzatseguka ndi singano isanafike CT, ndipo palibe cholakwika pamenepo.

Pakadali pano pali zomwe wina aliyense angachite popanda kudikira bajeti ya boma. M'bale wanu akamwalirira m'chipatala, muli ndi ufulu wofunsa dokotala mafunso atatu: chomwe chalembedwa pa chitupa n'chiyani, chinatsimikizidwa ndi mayeso ati, ndipo kodi ndi nthenda yomwe otsalafe tiyenera kukayezetsa. Ngati yankho silikumveka, funsani ngati pali njira yopimira thupi ndi kuti itenga nthawi yaitali bwanji. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Achinyamatafe ndi amene masiku ano timathamanga ndi mapepala kuchipatala, kulipira ku mochale ndi kulemba uthenga wa maliro pa foni. Ndife amene tili pamalo abwino ofunsira mafunso amenewa, thupi lisanakwere galimoto.